Sidonie ndi Msewu wa ku Goropwé

Ku Goropwé kulibe amene amamutchula kuti Dokotala Poméno. Akuluakulu amangoti Sidonie wa a Philomène, anzake amati Mayi Fumbi, ndipo iye amayankha maina onsewa. Anabadwira kumtunda kwa chigwa, kumene msewu wochokera kunyanja umathera, m'nyumba yomata imene makoma ake ankayera mbee.

Kuyerako kunali kwa pö, dothi loyera limene amayi ankakumba m'mbali mwa phiri. Khrisimasi ikayandikira, a Philomène ankasenza zidebe, Sidonie ali pambuyo. Ankalisinja, kulisefa, kulisungunula m'madzi, n'kulipaka pakhoma ndi manja. Amayi ankapikisana kuti nyumba yowala kwambiri ndi ya yani, ndipo a Philomène sankagonja. Ankapakanso nyumba ya mng'ono wawo, a Thérèse, amene ankawanena kuti ndi waulesi wa manja.

Sidonie akuphunzira unamwino mumzinda waukulu wa Nouméa, m'chigwamo munabwera anthu a boma ovala zoyera zophimba thupi lonse. Ananena kuti m'dothi lija muli asibesitosi, timinga tosaoneka ndi maso timene munthu akatipuma timakabisala m'mapapo zaka makumi awiri kapena atatu, kenako n'kuyambitsa khansa. Nyumba zonse zopakidwa pö anazigwetsa n'kuzikwirira, ndipo anthu anawamangira zina za simenti ndi malata. Pamsonkhano wotsanzikana, mkulu wina wa gululo, mzungu, ananena mosapsatira mawu kuti matendawo anthu anadziitanira okha ndi mwambo wawo. Apa n'kuti a Thérèse atamwalira kale, chifuwa chitadzaza madzi. A Philomène anabwerera kunyumba yawo yatsopano, nakhala pansi pasimenti.

“Ndiye kuti mng'ono wanga ndinamupha ndine,” anatero. Kuchokera tsikulo sanatchulenso dzina la dothilo.

Sidonie anagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'chigwamo zaka khumi ndi chimodzi. Matenda aja anawadziwa ngati munthu wapachibale. Ankayamba ndi kupweteka kwa m'nthiti, kenako befu pokwera kamtunda kakang'ono, kenako kuwonda. Odwala ankawatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo ankabwerako ndi pepala lomwelomwelo. Papepalapo panali kabokosi kofunsa chimene wodwala anakhudzana nacho, ndipo aliyense ankangolemba kuti pö.

Kenako anadwala Noéline.

Noéline sanali wa m'chigwamo. Anachokera ku chilumba cha Lifou, anakwatiwa ku Goropwé ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo mwamuna wake, poti ankagwira ntchito kumgodi, anali atamanga kale nyumba ya njerwa za simenti m'mphepete mwa msewu. Dothi loyera sanaligwirepo. Ankagulitsa zilazi, nthochi ndi malalanje pakathandala ka pamsewu, ndipo Loweruka ndiye ankaponya mpira m'timu ya amayi ya kiriketi. Akathamanga diresi lake lalitali likuuluka, omenya a midzi ina ankapemphera kaye.

Sidonie anamuperekeza yekha kuchipatala chachikulu. Dokotala, mnyamata wongobwera kumene kuchokera ku France, anaona chithunzi cha mapapo, nakankhira pepala kwa Sidonie.

“Lembani pö pamenepo, anamwino.”

“Mayiyu sanakhalepo m'nyumba ya pö.”

“Mwina ankacheza kwa anansi. Onse a kumeneko ndi choncho.”

“Onse ake ati, adokotala? Ine ndimamudziwa. Kwawo ndi pachilumba cha miyala ya m'nyanja, dothi limenelo kulibe.”

“Ndiye mukufuna tilembe chiyani?”

“Kuti sitikudziwa.”

Dokotala anamwetulira kumwetulira kotopa. Anati kabokosi kameneko sakasiya kopanda kanthu. Sidonie anatenga cholembera, nalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti SITIKUDZIWA, mpaka mawuwo anadutsa malire a kabokosi. Pobwerera, Noéline anagona kumpando wakumbuyo akupuma movutikira.

“Achemwali, mwawakalipira azunguwo?”

“Sindinayambe.”

“Mukayamba mudzandiitane, ndidzaonerere.”

Chaka chomwecho Sidonie anasiya ntchito. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ana ake awiri aakazi anawasiya kwa amayi ake. Anakalembetsa kuyunivesite maphunziro ofufuza kumene matenda amachokera: ndani akudwala, amakhala kuti, amapuma chiyani, amamwa chiyani. M'kalasi anali wamkulu kuposa onse, ndipo anzake ankamuti azakhali. Masamu anamuzunza. Mayeso oyamba analephera, achiwiri anangopulumukira pakhomo. Atafika poti asankhe mutu wa kafukufuku wake wa digiri yaikulu, anapita kwa Pulofesa Lavergne, mayi wachizungu wa imvi amene sankadziwa kunyengerera munthu. Anamuikira patebulo maina khumi ndi anayi a anthu a m'chigwa chake.

“Anthu khumi ndi anayi ndi ochepa,” anatero pulofesayo. “Sankha mutu wina. Nkhani ya pö inatha kale.”

“Asanu ndi anayi mwa amenewa ndinawasambitsa ndine atamwalira.”

“Pepa. Koma chisoni chako sichiyezeka. Ukangowerenga odwala okha, upeza chimene mtima wako ukufuna. Onsewa ankadya zilazi. Tinene kuti zilazi zikupha anthu?”

Sidonie anasonkhanitsa mapepala ake, koma sanaimirire.

“Ndiye ndichite chiyani kuti mundikhulupirire?”

“Kukukhulupirira si ntchito yanga. Pa wodwala aliyense, ndipezere anthu anayi a msinkhu wake amene sanadwale. Uwafunse mafunso omwewo, mosakondera. Ndipo usangoona chigwa chako chokha, utenge zigwa zinayi. Ukapeza kuti unalakwa, udzalemba kuti unalakwa.”

“Ndikapeza kuti sindinalakwe?”

“Tidzakambirana tsiku limenelo.”

Ntchitoyo inamutengera zaka ziwiri. Pakhomo lililonse ankayamba ndi mwambo, kuika nsalu ndi fodya pamphasa n'kupempha chilolezo choyankhula. Kenako ankamwa khofi wa m'mbale, n'kuyamba kufunsa. Munabadwira kuti? Nyumba yake inali yotani? Inali mapazi angati kuchokera pamsewu? Kumunda munkapita pansi kapena pagalimoto yotsegula kumbuyo? Za omwalira ankafunsa amasiye, ndipo ena ankamuthamangitsa. Bambo wina anamuuza kuti mkazi wake anachita kulodzedwa ndipo wolodzayo akumudziwa. Sidonie anayankha kuti za wolodzayo sakutsutsa, iye akungofuna kudziwa kumene malemuwo ankayanika zovala. Bamboyo analoza chingwe chimene chinali m'mphepete mwa msewu.

Atalemba zonse pamapu, zinthu zinaonekera. Pö anali ndi mlandu wake ndithu, zimenezo sanazibise. Koma timadontho tofiira ta odwala tinandandalika m'mbali mwa misewu ina, pomwe m'mbali mwa misewu ina munalibe, ngakhale kuti kumenekonso anthu ankapaka nyumba. Misewu ya odwalayo inali yothiridwa miyala ya mtundu umodzi, yobiriwira, yoterera ngati sopo, imene galimoto zikaiponda imasanduka fumbi lotuwa.

Sidonie anawayang'ana mapuwo nthawi yaitali. Miyala imeneyo ankaidziwa. Ya msewu wa ku Goropwé inkachokera m'phiri la mtundu wa amayi ake, ndipo amene ankaikumba ndi kuithira pamsewu chaka chilichonse mvula ikatha anali malume ake, a Anicet.

A Anicet anali munthu wonyadira lole yake. Msewu usanabwere, odwala ankawanyamula pamachira mtunda wa tsiku lathunthu, ndipo iwo ndi amene anakakamira kuti miyala ya m'phiri la makolo awo ikonze njirayo. Bwalo la kiriketi la amayi analisalaza okha ndi miyala yomweyo, mwaulere. Sidonie anapita kwawo Lamlungu masana atatuluka m'tchalitchi. Anawapeza akusenda gwape. Anaika nsalu ndi fodya patsinde la mtengo, nakhala pansi, nafotokoza zonse.

A Anicet sanasiye kusenda.

“Sukulu yakupenga iwe. Poyamba anati ndi dothi la amayi ako. Lero wabwera kuti ndi miyala ya malume ako. Mawa udzati ndi madzi.”

“Madzi ndinayeza kale, malume. Alibe kanthu.”

“Ndagwira miyala imeneyi zaka makumi atatu. Ukundiona ndikutsokomola?”

“Si onse amadwala. Koma Noéline wadwala.”

Apa anaika mpeni pansi.

“Tsiku limene unabadwa, amene anakuuzira mpweya m'khutu mwa mwambo wathu kuti ukhale ndi moyo ndine. Mpweya uli mwa iwewo ndi wa kwathu kuno. Ndiye ukufuna ukaime pamaso pa azungu n'kunena kuti malume ako apha mudzi?”

“Nkhani yake ndi ya mpweya womwewo, malume. Sindikunena kuti munadziwa. Palibe ankadziwa. Koma lero ndakuuzani, ndiye kuyambira lero mukudziwa.”

“Nyamula nsalu yakoyo.”

Kubweza mwambo ndi chinthu chachikulu. Sidonie anaimirira, koma nsaluyo sanainyamule. Anaisiya pomwepo patsinde la mtengo, ndipo akuti inakhala pamenepo mpaka inawola.

Mapu okha sanali okwanira. Pulofesa Lavergne anati pafunika kuyeza mpweya umene anthu akupumadi, ndipo anamubwereka timakina tisanu ndi kamodzi tokoka mpweya, tokhala ndi kasefa kogwira fumbi. Amuna a m'mudzi, poopa a Anicet, anakana kutivala. Sidonie anapita nato kubwalo la kiriketi Loweruka.

“Ichi ndiye chiyani? Wailesi?” anafunsa mayi wina wonenepa, womenya mpira.

“Mumangirire m'chiuno, kapaipika kafike paphewa. Musewere monga mwa masiku onse.”

“Chikulira ngati udzudzu! Mwamuna wanga akachimva ati ndayamba kuyenda ndi foni yachibwenzi.”

“Mwamuna wakoyo angamve chiyani, amene samva ngakhale belu la tchalitchi?” anatero mnzake.

Noéline anabwera atamunyamula pampando. Anali atatha, diresi likungolendewera. Anakhala pamthunzi akukalipira woponya mpira watsopano kuti akuponya ngati akudyetsa nkhuku. Amayi anathamanga, fumbi linakwera, ana ang'onoang'ono akukwawa m'mbali mwa bwalo. Sidonie anaima ndi wotchi m'manja, akuyang'ana anawo, ndipo tsiku limenelo sanaseke nawo. Masiku otsatira timakinato anativeka amayi opita kumunda, ogulitsa pamsewu, ndi osesa pabwalo. Timasefa tonse anatitumiza kunja kuti akatiunike.

Mayankho anabwera patatha miyezi itatu, Noéline atamwalira kale. Timinga tinalimo, tambiri, makamaka m'timasefa ta pabwalo la kiriketi ndi ta pathandala la pamsewu.

Anamuitana kuofesi ina ya boma kuti akafotokoze. Mkulu wa pamenepo anawerenga lipoti lake, namuyamikira kwambiri, kenako anati pali chiganizo chimodzi chofunika kusintha. Pamene panalembedwa kuti okhala pafupi ndi misewu ya miyala imeneyi akudwala khansayi kwambiri kuposa ena, palembedwe kuti pakufunika kafukufuku wina.

“Mayi, musatiyambitsire mantha,” anatero. “Misewu yotere ndi yambiri. Phula lothira yonseyo tilitenga kuti?”

“Zimenezo ndi zanu, bwana. Ine ndinayeza fumbi, sindinayeze thumba lanu.”

“Ndipo mpaka lipotili litavomerezedwa, musauze anthu a kumudzi.”

Potuluka, Pulofesa Lavergne, amene anamuperekeza, anamugwira mkono. Anamuuza kuti odwala amene anawawerenga akadali ochepa, ndipo chiganizocho chiyenera kunena poyera kuti kukula kwenikweni kwa ngoziyo sikukudziwika bwino. Sidonie anavomera, poti zinali zoona, ndipo anawonjezera mawuwo ndi dzanja lake. Koma chiganizocho sanachichotse.

“Nanga zoti usauze anthu?” anafunsa pulofesayo.

“Timakina tija anavala ndani? Bwana uja?”

“Angathe kuchedwetsa digiri yako.”

“Aichedwetse. Ndinayamba mochedwa kale.”

Pulofesayo anamuyang'ana, kenako anati iye sanamve kalikonse, ndipo akupita kukadya nkhomaliro.

Sidonie anasonkhanitsa amayi m'nyumba ya misonkhano ya mpingo. Sanayankhule Chifalansa. Anafotokoza m'chiyankhulo cha kwawo, naonetsa chithunzi cha timinga tija titakulitsidwa, tosongoka ngati singano. Anawauza zimene akudziwa ndi zimene sakudziwa, ndipo sanalonjeze kuti aliyense wapulumuka. Atamaliza, woyamba kuyankhula anali a Philomène.

“Nyumba ya Thérèse inali pati?”

“Pamphambano, amayi. Mapazi khumi kuchokera pamsewu.”

“Ndiye chinamupha ndi chiti? Dothi langa kapena msewu?”

“Sindingadziwe. Mwina zonse ziwiri. Palibe angadziwe.”

A Philomène anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Koma mzungu uja anati akudziwa. Anaima apa, pamaso pathu, nati ndife. Zaka zonsezi tikuyenda chowerama, lole zikudutsa, tikuzikwezera manja.”

Mvula inali itangotha, nyengo yothira miyala yatsopano. Lolemba m'mawa amayi anatulutsa mipando, matebulo ndi miphika, nakakhala pakati pa msewu, pamlatho wolowera m'mudzi. Anamangirira nsalu pamtengo kusonyeza kuti njira yatsekedwa. Cha m'ma naini lole ya a Anicet inatulukira pakona itadzaza miyala yobiriwira. Inaima pafupi kwambiri ndi mpando woyamba, ndipo pampandopo panali a Philomène akusenda kokonati.

“Mlongo, choka pamenepo!”

“Ndiponde, Anicet. Udzauza anthu kuti ndi pö.”

“Mwana wakoyu wakusokoneza mutu.”

“Mutu wanga unasokonezeka tsiku limene anandigwetsera nyumba. Iwe unali kuti? Si iwe unanyamula zigumukire zake pa lole yomweyi?”

Amayi ena anayamba kuimba nyimbo ya kubwalo, yonyoza timu yogonja. A Anicet anakhala m'lolemo injini ikulira, manja ali pachiwongolero. Sidonie anaima pambali pa amayi ake, ndipo malume ake sanamuyang'ane ngakhale kamodzi. Patapita nthawi anabweza lole chafutambuyo mpaka pakona, natembenuka, nabwerera kuphiri ndi miyala yake.

Amayi anakhala pamlathopo masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Apolisi anabwera, anamwa khofi, nabwerera. Atolankhani anabwera. Tsiku la khumi ndi chiwiri amayi a zigwa zina ziwiri anatsekanso misewu yawo. Pamapeto pake akuluakulu a boma anasaina pepala loletsa kukumba miyala m'phiri lija ndi lolonjeza phula.

Lonjezolo linakwaniritsidwa theka. Msewu wa ku Goropwé ndi wa makilomita khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo phula linathiridwa pa asanu ndi atatu okha, pamene pali nyumba zambiri. Bwalo la kiriketi analikwirira ndi dothi lakuda n'kubzala kapinga. Digiri ya Sidonie inachedwadi ndi chaka chathunthu, poti ofesi ija inadandaula kuti anaulula zinthu nthawi isanakwane, ndipo anakaonekera kawiri pamaso pa komiti. Anawauza kuti atapatsidwanso mpata angachite chimodzimodzi. Anamulembera kalata yomudzudzula, kenako anamupatsa digiri yake. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

A Anicet anataya ntchito ya miyala, ndipo anakhala zaka ziwiri osamuyankhula. Pachikondwerero cha zilazi zatsopano ankamudutsa ngati mtengo. Chaka chachitatu anafika okha pakhomo pa Sidonie m'tauni ya Koné, chipewa chili m'manja.

“Ndabwera chifukwa cha chifuwa, osati chifukwa cha iwe.”

“Chabwino, malume. Kwerani galimoto.”

Kuchipatala anawapeza ndi zipsera m'mapapo, koma khansa analibe. Amapita kukaunikidwa chaka chilichonse, Sidonie ndiye amawayendetsa, ndipo njira yonse amakangana za ndale ndi za kayendetsedwe kake ka galimoto. Za miyala sanapepesepo, ndipo iye sanawapemphe kutero.

Sidonie anaitanidwa kukagwira ntchito ku France, koma anakana. Panopa ali m'kaofesi kosunga kaundula wa odwala khansa, ndipo ali ndi mndandanda wa misewu ina makumi awiri ndi itatu imene akufuna kuiyeza. Chilolezo chimabwera cha umodzi umodzi, mochita kukoka. Mwezi wathawu anafika m'chigwa china cha kumwera, kumene sanapondeko chibadwire. Anaika nsalu ndi fodya pamphasa ya mkulu wina amene ana ake atatu amayendetsa lole za miyala. Mkuluyo anaiyang'ana nsaluyo osaigwira.

“Mbiri yako tinaimva. Akuti ukafika pamudzi, ntchito za anthu zimatha.”

“Nthawi zina zimathadi, bambo. Sindikunamizani.”

“Ndiye ndikulandirirenji?”

“Akazi anu anamwalira chaka chatha, ndipo mng'ono wawo wayamba befu. Mwina si msewu. Ndikapeza kuti si msewu, ndidzabwera pamphasa pomwepa kudzakuuzani, ana anu apitirize ntchito. Koma mukandibweza lero, ndipita khomo lotsatira, ndipo mawa ndibweranso.”

Mkuluyo anatambasula dzanja, nagwira nsalu ija, naitana mpongozi wake kuti abweretse khofi. Sidonie anatsegula kope lake n'kufunsa chaka chimene malemuwo anabadwa.